Achule a m'Mathanki ndi Dzanja la Mayi Anu

Ufulu usanabwere

Ana anga, za ubwana wanga musandifunse, palibe chimene ndinachita chimene mwana wina aliyense sanachite. Mutu uno ndaulemba kuti mudziwe za dzanja lamanja la mayi anu, chifukwa inu munakula mukuona zipsera koma nkhani yake munkaimva mwapatalipatali. Kuti ndifike pa dzanjalo ndiyenera kuyambira pa achule, ndiye mundipirire.

Ntchito yanga yoyamba inali pa sukulu ya sekondale ya tauni ino, nthawi imeneyo ikutchedwa Vila Cabral. Anandilemba kuti ndizithandiza mphunzitsi wa sayansi ya zamoyo, ndipo anandipatsa bata, mkanjo woyera uja wa anthu a mu laboratoriyo. Ine ndinkati ntchito yake ndi kupukuta magalasi basi. Koma mphunzitsiyo, mayi wachipwitikizi wamfupi ndi wosuta fodya kwambiri, amene tonse tinkangowatchula kuti a Sinyora, ananditengera kuseri kwa chipinda n'kundionetsa mathanki a simenti odzaza achule. Sanali achule odumpha a m'munda aja. Anali a m'madzi okhaokha, ophwatalala, oterera, okhala ndi zikhadabo zakuda ku miyendo yakumbuyo. M'mbali mwa chule aliyense muli timizere totuwa, ngati pamene telala wadutsapo ndi singano. A Sinyora anandiuza kuti chule amamvera madzi ndi timizere timeneti: kachilombo kakagwera m'madzi, timafunde take tikafika pakhungu, iye amatembenukira komweko ngakhale asanakaone. Kuseri kwa mutu kumachokera mtsempha woyera, wosayenda magazi, umene umatsata mbali yonse n'kulumikiza timizere tija ndi ubongo.

Mtima wa a Sinyora unali pa mtsempha umenewu. Chule wina ankamugoneka ndi mankhwala n'kudula mtsempha wa mbali imodzi, kuchotsako kachidutswa kuti usalumikizanenso. Wina ankangoufinya ndi kapani osadula. Ine ndinkagwira chuleyo. M'mawa uliwonse ndinkatenga kaudzu n'kugwedeza madzi cham'mbuyo mwa chule, kumanzere kenako kumanja, kuona ngati atembenuke. Kuti mbali yovulazidwayo inkagontha sizinandidabwitse. Chimene chinandiimitsa mutu n'chakuti pakapita miyezi timizere ta mbaliyo tinkafota tokha, chonsecho mpeni unadutsa kutali ndipo palibe anatikhudza. A Sinyora anati mtsempha sumangonyamula uthenga, umadyetsanso kachiwalo kamene kali kumapeto kwake, ndipo ukachoka kachiwaloko kamatha pang'onopang'ono. Kwa achule ongofinyidwa, mtsempha unkameranso kuchokera pa bala kumatsika, ndipo pamene wafika timizere tinkadzazanso. Kwa odulidwa aja kunalibe kubwerera.

1975, chaka cha ufulu

Ufulu utabwera a Sinyora analongeza katundu monga anachitira anzawo ambiri. Tsiku lonyamuka anabwera ku mathanki, anaima nthawi yaitali ndudu ikupsera m'zala, kenako anati, "Bernardo, ukawabwezere kudambo. Palibe amene adzakufunse za iwo." Ndinavomera ndi pakamwa pokha. Munali achule ena amene mtsempha wawo unali utamera kufika pakati, ndipo ine ndine munthu amene sindisiya chinthu ndisanaone mathero ake. Khalidwe limeneli mayi anu amati ndi kuuma mutu.

Chaka chomwecho ndinakwatira mayi anu, Asiyatu, mwana wa asodzi a ku Meponda kunyanja. Iwo Asilamu, ine Mkhristu wa m'tauni, ndiye pakhomo pawo sanandilandire ndi nthungululu. Mwini mbumba anali amalume awo, Che Ajasi, bambo wamtali wolankhula motsitsa, amene mawu awo sankabwezedwa m'banjamo. Atandifunsa ntchito yanga ndinafotokoza moona mtima. Anasisita ndevu, kenako anafunsa ngati boma likudziwa kuti likulipira munthu woweta achule. Komabe anatilola, ndipo tinapeza nyumba ku Namacula, momwe iwe Luiza unabadwira.

Zaka za kusowa

Mkulu watsopano wa sukulu, amene tinkamuti kamarada diretori, anali mnyamata wachangu wokhulupirira kuti chilichonse chiyenera kubereka chakudya. Anaona mathanki n'kulamula kuti tiikemo nsomba. Ndinamuchonderera kuti mu laboratoriyo monse chamoyo chimene chatsala choti ana aone ndi achule amenewa, popeza mankhwala anatha, magalasi anasweka, ndipo mabuku anali ndi zithunzi za nyama za ku Ulaya. Anandisiyira thanki imodzi, n'kundichenjeza kuti alendo a boma akabwera ndiziivundikira ndi lata. Mankhwala ogonekera anali atatha, choncho sindinadule chule ndi mmodzi yemwe. Ndinkangowaonetsa ana timizere ndi kuwagwedezera kaudzu. Chiwindi chimene tinkawadyetsa chinasowa kubutchala, ndipo munthu akanaima pa bicha, mzere wautali uja wa kusitolo, kupempha chiwindi cha achule akanamenyedwa. Ndinkakumba nyongolotsi kuseri kwa khitchini ya sukulu nditavala bata yanga, aphunzitsi akundiseka pawindo.

Kenako nkhondo inafika m'dera lathu. Malipiro anga sankatha kudyetsa nyumba, moti amene ankatisunga anali mayi anu. Ankatsika ku Meponda kukatenga usipa wouma kwa abale awo n'kudzagulitsa kuno. Msewu utayamba kuopsa, magalimoto ankayenda pamodzi moperekezedwa ndi asilikali, chimene tinkachitcha koluna. Tsiku lililonse la koluna ine ndinkagwira ntchito mtima uli m'mwamba, khutu lili kumsewu. Ndinawaletsa kangapo, iwo n'kundifunsa ngati ana adya nyongolotsi.

Pakati pa nkhondo, nyengo ya mvula

Tsiku lina masana ndili m'kalasi, mlonda anabwera kudzandinong'oneza kuti koluna yochokera kunyanja yaomberedwa pokwera phiri, ovulala ali kuchipatala. Mmene ndinayendera sindikumbuka. Ndinapeza mayi anu atakhala pansi m'khonde, mkono wamanja utakulungidwa ndi chitenje, akundiuza kuti thumba la usipa latsala pamsewu. Kachitsulo kanalowa pansi pa chigongono n'kutulukira mbali ina. Fupa silinathyoke, ndipo tonse tinati Mulungu ndi wamkulu.

Balalo linapola bwino, koma zala zitatu zinakhala zakufa: chachikulu, cha mkombaphala ndi chapakati. Ukazitsina, mayi anu ankangokuyang'ana. Dokotala anali mlendo wochokera kunja, wotopa, maso ofiira. Anandiuza mosabisa kuti mtsempha wavulala, koma sangadziwe ngati waduka kapena wangofinyika. Odziwa kusoka mitsempha anali kutali, ndipo malo m'ndege anali a ovulala kwambiri. Ngati wangofinyika, anati, umeranso wokha, koma patenga miyezi yambiri. Chachikulu n'kusamala dzanjalo ngati dzira, chifukwa chala chosamva chikavulala mwini sadziwa, bala lake limachedwa kupola, ndipo likawola mankhwala kulibe, chotsala n'kudula.

Zimene ankanena dokotala ndinali nditaziona ndi maso anga m'mathanki, mitundu iwiri ija ya achule, ndipo sindinkadziwa kuti mkazi wanga ali m'gulu liti. Choipa cha kudziwa pang'ono n'chakuti umaona zimene ena sakuona. Patapita nthawi khungu la zala zija linayamba kusalala ndi kunyezimira, thukuta linasiya kutuluka, nsonga zake zinayamba kuonda. Anansi ankati dzanja likuoneka bwino, lasalala ngati la mwana. Ine ndinkadziwa kuti zalazo zikufota, ndipo nkhawa inandidya mpaka buluku linayamba kundikhwepa.

Ndinachita chimene ndinkachidziwa. M'mawa uliwonse ndisanapite kuntchito ndinkawakhazika pakhonde, n'kuwauza kuti atsinzine, n'kumayendetsa kaudzu pa chikhatho ndi pa zala. Kwa nthawi yaitali yankho linali kupukusa mutu. Ndiye m'mawa wina anati, "Ndamva." Ndinakhudza pena, anati amva. Mawa lake chimodzimodzi. Ndinasangalala ngati wamisala, ndinauza diretori, ndinauza mlonda, ndipo ndinasiya kuwalondalonda pa ntchito za pakhomo.

Sabata isanathe ndinabwera kunyumba masana n'kumva fungo la chinthu chopserera. Ndinawapeza akusita bata yanga ndi simbi ya makala, akuimba. Chala cha mkombaphala chinali chitatsetsereka pa chogwirira n'kugona pa chitsulo chenichenicho, ndipo iwo sankadziwa. Nditawalanda simbiyo khungu linatsalira pomwepo. Ndinakalipa, ndipo sindinakalipepo choncho m'banja lathu. Nditatsuka balalo ndi madzi owiritsa amchere ndinawafunsa chifukwa chimene anandinamizira.

"Nkhope yanu, bambo a Luiza," anatero. "M'mawa uliwonse munkanyamuka osadya. Ndinangofuna kuti tsiku limodzi mupite kuntchito mutadya."

Ndinafunsa kuti nanga ankadziwa bwanji pamene ndawakhudza, maso ali otsinzina.

"Mukamakhudza mumasiya kupuma."

Zaka zonsezo ndinkayesa achule, ndipo chule sakumvera chisoni. Ndinataya kaudzu kaja, chifukwa tsopano ngakhale akanamvadi sindikanawakhulupirira.

Kubwera kwa Che Ajasi

Mbiri ya kupsako inatsika kunyanja, ndipo koluna yotsatira inabwera ndi Che Ajasi. Munthu wa msinkhu wawo kukwera msewu umene mwana wa mlongo wawo anaomberedwapo, mudziwe kuti sanabwere kudzacheza. Tinawayalira mkeka pakhonde, anakana tiyi wathu wopanda shuga mwaulemu, anayang'ana chala chomangidwacho, kenako analankhula. Anati mwamuna wapatsidwa nthawi yake ndipo chipatala chapatsidwa nthawi yake, tsopano wodwala apite kwa eni ake, monga mwambo unenera. Ku Meponda kunali mayi wina wodziwika podzutsa ziwalo zakufa. Ankathowa ndi madzi otentha a masamba, kenako n'kutema mphini.

Kuthowa ndimakudziwa, amayi anga anandithowapo bondo ndipo linachira. Koma ndimadziwanso mmene wothowa amayezera kutentha. Amawonjezera madzi otentha mpaka wodwala akuwe, ndipo kukuwako ndiye chizindikiro chakuti mankhwala alowa. Ndinawafunsa Che Ajasi kuti nanga dzanja limene silikuwa adzalekera pati. Anati ndiye chifukwa chake limafunika moto wambiri, kuti lidzuke.

Pamenepo ndinagwira njakata. Mkamwini sakaniza mwini mbumba mwana wake, makamaka mkamwini wachipembedzo china amene analoledwa mwachifundo. Komanso ndinalibe chowalonjeza. Ngati mtsempha unali woduka, kudikira kwanga kunali kwachabe, ndipo ndikanangowamana mayi anu chisamaliro cha abale awo. Mayi anuwo anali atakhala chapatali, mutu uli pansi, ndipo ndinkaona kuti mtima wawo wina ukufuna kupita. Anali atatopa ndi dzanja, atatopanso ndi ine.

Ndinati, powatchula amalume m'Chiyao, "Amjomba, mundikhululukire. Sapita."

Anandiyang'ana ngati sanamve, n'kufunsa kuti mankhwala anga ndi otani. Ndinati ndilibe, koma kudikira. Anafunsa kuti ndani anandiphunzitsa kuti kukhala manja lende kumachiritsa. Apa ndikanatchula dokotala, mwina zikanamveka bwino, koma pakamwa panga panatuluka zoona. Ndinawafotokozera za timizere, za mtsempha umene umamera wokha ukapanda kusokonezedwa, ndi kuti ukafika uyenera kupeza khungu lidakalipo. Ndikulankhula ndinkadzimva ndekha kuti ndikumveka ngati chitsiru.

"Mwana wa mlongo wanga mukumuyesa chule?" anafunsa motsitsa.

Ndinati ayi, koma mitsempha ndi imodzimodzi. Kunena zoona, ngakhale zimenezo sindinali nazo chitsimikizo chonse.

Anatembenukira kwa mayi anu n'kuwalankhula m'Chiyao, kuwauza kuti atenge chitenje chawo. Mayi anu sanadzuke. Che Ajasi anadikira, kenako anavala nsapato zawo. Ali pachipata anati, "Akamwini, dzanja ili likafa, mlandu ndi wanu nokha. Ndipo ku Meponda musadzapondeko, ngakhale pa maliro." Anakagona kwa mnzawo ku Chiuaula, ndipo anatsika ndi koluna yotsatira osabweranso kudzatsanzika.

Kuchokera tsiku limenelo usipa wa abale unasiya kubwera. Mayi anu anakhala masiku ambiri osandilankhula kupatula za ana. Ine ndinalanda ntchito zonse za moto ndi mpeni. Ndinkasita, ndinkaphika, ndinkadula nkhuni, ndipo amayi a ku Namacula pachitsime anapeza nkhani yoti aziseka chaka chonse. Bala la simbi lija linandisautsa koposa. Linkaoneka ngati lauma, mawa lake n'kutulukanso madzi. Ndinkalinunkhiza pomanga, kuopa fungo limene dokotala anandichenjeza, ndipo mayi anu ankayang'ana kumbali ndi manyazi. Kuntchito ndinkaima pa thanki kuyang'ana achule okalamba a a Sinyora amene anatsala, odulidwa aja, mbali yawo ili yosalala mpaka kalekale.

Chisanu chotsatira

Balalo linapola mvula itatha, n'kusiya chipsera chimene mumachidziwa. Koma za kumva panalibe chizindikiro, ndipo sitinkazikamba. Ine sindinkafunsa, iwo sankanena. Miyezi imene dokotala anatchula inali kutha, ndipo mumtima ndinali nditayamba kukonza mawu okapepesa ku Meponda, ngakhale ndinkadziwa kuti sakandilandira. Ndinene pano kuti Che Ajasi anamwalira nkhondo isanathe tisanagwirane chanza, ndipo ku maliro awo mayi anu anapita okha. Zimenezo zimandiwawa mpaka lero.

Chisanu cha Lichinga mumachidziwa, chija choti madzi a mumtsuko amaluma mano. Tsiku lina Loweruka masana ndinkachokera kokumba nyongolotsi, ndipo nditafika pa mpanda ndinaona mayi anu atakhala padzuwa ndi mnansi wathu mayi Fatima. Anali ndi lichero la nyemba pamiyendo, ntchito yokhayo imene ndinkawalola chifukwa mulibe chotentha kapena chakuthwa. Nthawi zonse ankasankha ndi dzanja lamanzere, maso ali m'lichero. Tsiku limenelo anali atakolerana mkangano wa ukwati wa mwana wa munthu wina, ndipo maso a mayi anu anali pa mayi Fatima, dzanja lamanzere likuloza m'mwamba potsutsa. Lamanja linali m'nyemba, likungoyendayenda lokha.

Ndinaona chala cha chipsera chija chikuima, n'kubwerera pang'ono, n'kukankhira kanthu m'mphepete mwa lichero mpaka kanagwa pansi. Mayi anu sanayang'ane, anapitiriza kunena kuti mnyamatayo ndi waulesi. Ine ndinaima pomwepo, chitini cha nyongolotsi chili m'manja, kuopa ngakhale kutsokomola. Ndinadziuza kuti mwina zangochitika. Posakhalitsa chalacho chinachitanso chimodzimodzi.

Ndinalowa pachipata n'kufunsa, "Mayi a Luiza, mwagwetsa chiyani apo?"

"Mwala, nanga n'chiyani," anayankha mothamanga, pofuna kubwerera ku mkangano wawo.

Kenako anayang'ana pansi pamene panali timiyala tiwiri, anayang'ana dzanja lawo. Mayi Fatima anali akulankhulabe, osadziwa kanthu. Mayi anu anamiza zala zija m'nyemba mpaka m'chikhatho, n'kuzisiya momwemo nthawi yaitali.

"Bambo a Luiza," anatero, "nyembazi zikuzizira."